Mmene mabakiteriya ndi mafangasi amasonkhanira pa mizu ya mbewu zathu

Mwezi wa February, sukulu zikakhala zitangotsegulidwa, mtedza wa m'minda ya ku Fingoè ndi ku Malowera umakhala ukuchita maluwa. Mukazula phata limodzi mosamala n'kukutumula dothi, mudzaona timibulu tambirimbiri titamatirira ku mizu. Tsiku lina ndikuonerera phunziro la Ciências Naturais pa sukulu ina ya m'boma lino la Maravia, aphunzitsi anafunsa ana kuti timibuluti n'chiyani. Mtsikana wina anati ndi matenda a mtedza, mnyamata wina anati ndi mazira a tizilombo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti m'timibulumo mungakhale chinthu chothandiza mbewuyo.

Anawo sanalakwe kwenikweni. Mawu oti "tizilombo tosaoneka ndi maso" amayamba kuwamva pa phunziro la kolera ndi kusamba m'manja, ndiye amakula akudziwa kuti kanthu kalikonse kosaoneka ndi mdani. Koma ambiri mwa ana amenewa ndi amene adzalime minda ya makolo awo. Adzasankha okha kutentha mapesi kapena kuwakwirira, kubwereza chimanga pamalo amodzi kapena kuchita kasinthasintha. Kuti asankhe bwino, afunika kudziwa kuti mbewu iliyonse imakhala ndi gulu lake la zamoyo zosaoneka, ndipo gululo silibwera mwangozi. Limachokera m'nthaka, muzu umasankhamo ena n'kusiya ena, ndipo zochita za mlimi zimasintha zonsezi.

Tiyambe takonza mawu

M'nkhani ino ndigwiritsa ntchito mawu oti "tizamoyo" m'malo mwa "tizilombo", chifukwa mawuwa saweruziratu kuti kanthuko n'koipa. Magulu akuluakulu a tizamoyo ta pa mbewu ndi awiri. Loyamba ndi mabakiteriya, amene buku la Chipwitikizi limati bactérias. Bakiteriya aliyense ndi selo imodzi yokha, ndipo amachulukana pogawika pakati. Lachiwiri ndi mafangasi. Ana amawadziwa kale ngakhale sadziwa kuti ndi gulu limodzi: bowa wa m'tchire, chuku cha pa nsima yogona ndi yisiti wa mu buledi, zonsezi ndi mafangasi. Ambiri amakula ngati timaulusi topyapyala kwambiri toyanga m'dothi, ndipo bowa amene timazula ndi mbali yokhayo yobala njere.

Apa pali msampha kwa inu amene mumaphunzitsa m'zinenero ziwiri. M'Chipwitikizi fangasi ndi fungo, pomwe m'Chinyanja fungo ndi chimene timamva ndi mphuno. Mwana akamva kuti "o fungo vive no solo" atha kumva kuti m'dothi mumanunkha. Ndi bwino kulemba mawu awiriwa pa bolodi moyandikana tsiku loyamba lomwelo, ana aseke, kenaka asadzawasokonezenso.

Nthaka ndiyo nkhokwe

Mu galamu imodzi ya dothi lachonde mutha kukhala mabakiteriya okwana 1 biliyoni, a mitundu masauzande ambiri. Ambiri mwa iwo amakhala ali chigonere, kudikira madzi ndi chakudya. Pali umboni wake umene mwana aliyense wa kuno anaumva kale. Kafungo kabwino kamene kamatuluka m'dothi mvula yoyamba ikagwa mu November kamachokera ku mankhwala otchedwa geosmin, amene amapangidwa makamaka ndi mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces.

Tizamoyo tina timabwera ndi mbewu yomwe, pa khungu lake kapena m'kati mwake, kuchokera ku mbewu ya chaka chatha. Tina timafika pa masamba ndi fumbi, ndi madontho a mvula othovukira kuchokera pansi, kapenanso pa miyendo ya tizilombo touluka. Koma kwa mizu, gwero lalikulu ndi dothi la m'mundamo. Muzu sungasankhe kanthu kamene m'dothimo mulibe.

Muzu umaitana ndi chakudya, kenaka umasefa

Mbewu ikapanga shuga m'masamba mwake, siigwiritsa ntchito yense pokula. Gawo lina limatsikira ku mizu n'kutulukira m'dothi ngati shuga, timaasidi ndi tinthu tonanda ngati therere timene timakuta nsonga ya muzu. Kadothi kochepa kozungulira muzu, kokhuthala mamilimita ochepa chabe, kamasanduka malo a chakudya chambiri, ndipo tizamoyo timene tinali chigonere timadzuka n'kuchulukana. Katswiri wa ku Germany, Lorenz Hiltner, ndiye anapatsa malowa dzina mu 1904, ndipo m'mabuku a Chipwitikizi mudzapeza akulemba kuti rizosfera. Ndi dothi lija limakanirira ku mizu mukakutumula phata la chimanga.

Sikuti aliyense wofika pa malowa amalowa m'muzu. Kafukufuku wa magulu awiri, lina la ku Germany ndi lina la ku America, amene anasindikizidwa mu 2012 pa kachitsamba kotchedwa Arabidopsis, komanso wina wa mu 2015 pa mpunga, anasonyeza kuti kusefa kumachitika pang'onopang'ono. M'dothi lakutali ndi muzu muli mitundu yochuluka zedi. M'dothi lokhudza muzu mitundu imachepako, pa khungu la muzu imachepanso, ndipo m'kati mwa muzu mumalowa yochepa kwambiri. Zili ngati pa chinkhoswe: kubwalo kumadzaza mudzi wonse, pakhonde pamakhala achibale, koma m'nyumba mokambira nkhani mumalowa ankhoswe okha. Muzu umasefa ndi mtundu wa chakudya chimene ukutulutsa, ndi mankhwala ena amene amapha mitundu ina osapha ina, komanso ndi chitetezo chake chimene chimazindikira khungu la bakiteriya kapena la fangasi.

Nanga champhamvu n'chiti, dothi kapena mtundu wa mbewu? Mu 2013 ofufuza ena anadzala mitundu 27 ya chimanga m'minda isanu ya ku America n'kuyeza mabakiteriya a pa mizu. Anapeza kuti munda ndi umene unkasiyanitsa kwambiri, pomwe mtundu wa chimanga unkasintha zinthu pang'ono chabe. Nyengo nayo imalowererapo. Kafukufuku wa mu 2018 pa mapira ku California anasonyeza kuti pa nthawi ya ng'amba mizu imadzaza ndi mabakiteriya a gulu la Streptomyces ndi abale ake, ndipo madzi akabwerera gulu lakale limabwereranso. Choncho chimanga cha mtundu umodzi, china chodzalidwa kumtunda kufupi ndi malire a Zambia, china kumunsi kotentha kufupi ndi nyanja ya Cahora Bassa, sitingayembekeze kuti chikhala ndi tizamoyo tofanana.

Mtedza, khobwe ndi soya

Tibwerere ku timibulu tija. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitirojeni wokwana 78 peresenti, yemweyo amene timagula m'thumba la yureya, koma mbewu siingamugwiritse ntchito ali mu mpweya. Mabakiteriya ena okha ndi amene amatha kumusintha kuti akhale chakudya cha mbewu. Mu 1886 akatswiri awiri a ku Germany, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, anasonyeza kuti mbewu za mtundu wa nyemba zimapeza nayitirojeni kudzera m'timibulu ta pa mizu, ndipo mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula bakiteriya wake. Masiku ano timawatchula kuti marayizobiya.

Timibulu timayamba ndi kuitanizana. Muzu wa khobwe ukasowa nayitirojeni umatulutsa mankhwala amene marayizobiya oyenerera amawazindikira. Iwo amayankha ndi mankhwala awo, ndipo muzu ukazindikira yankholo kaubweya kake kamapindika n'kukola bakiteriyayo, n'kumutsegulira kanjira kolowera m'kati. Pa mtedza njira ndi ina: bakiteriya amalowera pa kamng'alu kamene kamatsala pomwe muzu waung'ono waphukira. N'chifukwa chake timibulu ta mtedza timapezeka pa mphanda za mizu. Akalowa, muzu umamanga kambulu momuzungulira, kumupatsa shuga, iye n'kumapereka nayitirojeni.

Mukang'amba kambulu ndi chikhadabo n'kupeza m'kati muli mofiirira ngati nyama, ndiye kuti ntchito ikugwirika. Kufiirako kumachokera ku chinthu chofanana ndi chimene chimafiiritsa magazi athu, ndipo ntchito yake ndi kugwira okosijeni kuti asaononge ntchito ya bakiteriya. Mukapeza moyera kapena mobiriwira, kambuluko sikanayambe ntchito, n'kopanda ntchito, kapena kakalamba. Thandizaninso ana kusiyanitsa timibulu ndi zotupa za matenda zimene zimapezeka pa mizu ya fodya, tomato ndi therere. Kambulu kamamatirira m'mbali mwa muzu ndipo kamathothoka mukakakhudza ndi chala. Chotupa chobwera ndi timinyongolotsi ta m'dothi ndi muzu womwewo umene watupa, sichithothoka.

Mtedza, khobwe, nandolo ndi nzama nthawi zambiri zimapeza marayizobiya ogwirizana nazo m'dothi lathu popanda kuthiramo kanthu. Soya ndi wosiyana. Kwawo ndi ku China, ndipo mitundu yake yambiri imafuna mabakiteriya amene m'minda yathu mulibe kapena alimo ochepa. Mlimi akadzala soya koyamba m'munda n'kuona masamba achikasu ndi mizu yopanda timibulu, kawirikawiri vuto limakhala limeneli. Njira zothetsera zilipo ziwiri. Ina ndi kudzala mitundu yosasankha kwambiri, monga Magoye wa ku Zambia kapena mitundu imene bungwe la IITA linapanga. Ina ndi kupaka mbewu inokulanti, ufa wakuda wokhala ndi marayizobiya amoyo. Pulojekiti ya N2Africa, imene inayamba mu 2009 motsogozedwa ndi yunivesite ya Wageningen, inayesa njira zimenezi ndi alimi m'maiko angapo, kuphatikizapo kuno ku Mozambique m'dera la Angónia. Popeza inokulanti ndi chamoyo, amafa akakhala pa dzuwa kapena potentha. Amapakidwa pa mthunzi ndipo mbewuyo imadzalidwa tsiku lomwelo.

Mafangasi a pa mizu ndi nkhani ya kaufiti

Chimanga ndi mapira sizipanga timibulu, koma zili ndi abwenzi ena. Mitundu yambiri ya zomera za pa dziko lapansi imakhala ndi mafangasi amene amalowa m'mizu, mbali ina ya timaulusi tawo n'kuyanga m'dothi kutali kumene muzu sungafike. Amabweretsa fosifolasi ndi madzi, mbewu n'kuwalipira shuga ndi mafuta. Albert Bernhard Frank ndiye anatcha ubwenziwu dzina loti mycorrhiza mu 1885, kutanthauza "muzu wa fangasi", ndipo miyala ya ku Rhynie ku Scotland imasonyeza kuti unalipo kale zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo. Mbewu zochepa, monga kabichi, mpiru ndi repu, siziuchita.

Mafangasi a pa chimanga saoneka ndi maso, koma a m'nkhalango amaoneka. Mitengo ya mombo ndi tsamba imene yadzaza m'mapiri a Maravia ili ndi mafangasi akeake, ndipo bowa monga manyame ndi ndelema ndi zipatso za mafangasi amenewo. Amayi odziwa bowa akuuzani kuti manyame sapezeka pamene mitengo inadulidwa. Chifukwa chake n'chakuti fangasiyo amadya kuchokera ku mizu ya mtengo, ndiye mtengo ukapita naye amapita.

Chimanga chikasowa fosifolasi kapena nayitirojeni, mizu yake imatulutsa mankhwala oitanira mafangasi aja. Tsoka lake n'lakuti pali wina amene amamva nawo kuitanako: kaufiti. Njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi, chitsamba chimodzi chimabala masauzande ambiri, ndipo zimatha kukhala m'dothi zaka zoposa 10 osamera. Zimamera pokhapokha zikamva mankhwala omwewa, chifukwa ndi chizindikiro choti muzu woti ziuyamwe uli pafupi. Ofufuza anayamba kupeza mankhwalawa mu 1966 m'mizu ya thonje, ndipo kwa zaka zambiri ankadabwa kuti mbewu ingatulutsirenji chinthu chodzutsa mdani wake. Yankho linabwera mu 2005, pamene Kohki Akiyama ndi anzake ku Japan anasonyeza kuti mankhwala omwewo ndi amene amachititsa timaulusi ta mafangasi kuchita nthambi n'kulunjika ku muzu.

Apa sayansi ikugwirizana ndi zimene makolo amanena, kuti kaufiti amakonda munda woguga. Dothi likatha chonde, chimanga chimaitana kwambiri, ndipo kaufiti wambiri amadzuka. Zikufotokozanso chifukwa chake kasinthasintha amathandiza. Thonje, soya ndi mtedza zimadzutsa njere za kaufiti wa maluwa ofiira uja, koma iye sangathe kuyamwa mizu yake, ndiye amafa asanabale. Dziwani kuti palinso wina wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe ndi mtedza, choncho mbewu za mtundu wa nyemba nazo siziyenera kubwerezedwa pamalo amodzi chaka ndi chaka.

Wofika msanga amalanda malo

Pa muzu, pa duwa kapena pa chikonyo malo ndi chakudya n'zochepa, ndiye amene wayamba kufika amatsekereza obwera pambuyo. Chitsanzo chabwino ndi chuku cha mtedza ndi chimanga. Fangasi wotchedwa Aspergillus flavus amakhala m'dothi ndi m'zinyalala za mbewu. Amalowa mosavuta m'makoko a mtedza ng'amba ikagwa kumapeto kwa nyengo, kapena chiswe chikaboola makokowo. Mitundu ina ya fangasiyu imapanga poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Dziko linamudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wachuku.

Koma si mitundu yonse ya Aspergillus flavus imene imapanga poizoni. Bungwe la IITA ndi anzake anasankha mitundu yosapanga poizoni yochokera m'dothi la maiko omwewo, kuphatikizapo Mozambique, Malawi ndi Zambia, n'kuipaka pa njere za mapira zophedwa kale kuti zisamere. Chinthucho chimatchedwa Aflasafe. Mlimi amawaza makilogalamu 10 pa hekitala kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mbewu ichite maluwa. Fangasi wabwinoyo amachulukana msanga n'kudzaza malo, ndipo wapoizoni akamafika amapeza mwadzaza kale. Palibe chimene chaphedwa ndi mankhwala. Changosintha ndi amene wayamba kufika. Izi sizichotsa udindo woumitsa bwino mtedza ndi kusankha woola musanasunge, chifukwa chuku chimakulanso m'nkhokwe yachinyontho.

Dzanja la mlimi

Popeza dothi ndiye nkhokwe, chilichonse chimene mlimi amachita m'munda chimasintha zimene mbewu ya chaka chamawa idzapeze. Kutentha mapesi kumapha tizamoyo ta pamwamba penipeni pa dothi, koma choipa kwambiri n'chakuti kumachotsa chakudya cha totsalato. Kugaula kwambiri chaka chilichonse kumadula timaulusi ta mafangasi. Manyowa amabweretsa chakudya pamodzi ndi tizamoyo tatsopano. Kubwereza mbewu imodzi pamalo amodzi kumachulukitsa tizamoyo toyambitsa matenda a mbewuyo, chifukwa chaka chilichonse timapeza chakudya chimene timakonda.

Tisaphunzitse ana kuti feteleza ndi mdani wa tizamoyo. Nkhani ndi ya muyeso ndi mtundu wake. Mtedza kapena soya akapatsidwa nayitirojeni wambiri amapanga timibulu tochepa, chifukwa mbewu siilipira chinthu chimene yapeza kale mosavuta. Koma m'dothi losowa fosifolasi timibulu sitigwira bwino ntchito, ndipo feteleza wa fosifolasi pang'ono amathandiza. Komanso nayitirojeni wambiri wa mtedza ndi soya amapita mu njere zimene timakolola. Wotsalira chimanga cha chaka chotsatira ali m'masangwe, m'masamba ndi m'mizu, choncho zikatenthedwa kapena kuchotsedwa m'munda phindu limachepa.

Zoti muyese ndi ana

Zonsezi zitha kuphunzitsidwa popanda maikulosikopu. Mu February kapena March pemphani ana abweretse phata limodzi la mtedza, la khobwe, la soya ndi la chimanga, atapempha kwa eni munda, ndipo akumbe ndi khasu osati kuzula ndi manja kuti timibulu tisathothoke. Atsuke mizu, awerenge timibulu, ang'ambe khumi pa phata lililonse n'kulemba kuti tofiira m'kati ndi tingati. Afunsenso kunyumba kuti m'mundamo munali chiyani chaka chatha. Mukaika manambala a kalasi yonse pa bolodi, mwapeza phunziro la masamu ndi la sayansi nthawi imodzi.

Mutha kubwerezanso zimene Hellriegel ndi Wilfarth anachita. Tsukani mchenga wa kumtsinje, muutenthe bwino mu mphika, ndipo ukazizira muuike m'zitini zisanu ndi chimodzi zoboola pansi. Dzalani khobwe m'zitini zonse. M'zitini zitatu thirani supuni zingapo za madzi amene mwavundulamo dothi la m'munda wa khobwe, zitatu zinazo musathiremo. Zonse muzithirira madzi owiritsa ozizira, ndipo magulu awiriwa akhale motalikirana. Pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi yerekezani mtundu wa masamba ndi kuchuluka kwa timibulu. Mwina mudzapeza timibulu tingapo ngakhale m'zitini zimene simunathiremo madzi a dothi. Musati zalephereka. Afunseni ana kuti mabakiteriyawo adzera kuti, ndipo adzatchula okha fumbi, manja ndi khungu la mbewu, zomwe ndi njira zenizeni zimene tizamoyo timayendera m'munda.

Pa zokambirana zonsezi, lolani ana ayambe afotokoza m'chinenero cha kwawo zimene aona ndi zimene agogo awo amanena za kaufiti, za bowa ndi za munda woguga. Mawu a Chipwitikizi monga nódulo, raiz ndi bactéria abwere pambuyo, mwana atagwira kale kambuluko m'manja ndi kuona kufiira kwa m'kati mwake. Mukayesa zimenezi, lembani manambala amene kalasi yanu yapeza pamodzi ndi mawu amene ana ndi makolo a m'dera lanu amatchulira timibulu, mutitumizire kuti tiyerekeze ndi za sukulu zina.